Galimoto Yosapatukira Munthu

"Loweruka likudzali, aliyense wokhala ndi miyendo ayisamale," anatero a Hudson Mukhuna, uku akugogoda benchi ndi sipanala. "Ine ndapatuka mokwana pa dziko lino. Ndapatukira malole a esiteti, ndapatukira ngolo za ng'ombe, ndapatukira ngakhale njinga ya mesenjala wa kwa Disi. Koma Loweruka ndikangogwira chiwongolero, msewu wonse kuchokera kwathu mpaka pamsika wa Milonde pano ndi wanga. Kaya abwere mzungu, kaya Mpwitikizi wa ku Milanje, kaya njovu, apatuke ndi iyeyo. Ndipo injini ikadzalira, ocheka mkungudza ku Chambe adzaika macheka pansi n'kumafunsana kuti mvula yanji imeneyi ya mu Okutobala."

Che Ramadani, amene ankakhoma zidebe ndi nyale za koloboyi pamsikapo, sanadzutse n'komwe mutu.

"Mwati kuchokera kuti, achimwene?"

"Kuchokera kwathu."

"Kwanu ku Chonde?"

"Kwathu konkuno, inunso."

"Ooo, kwa akazi anu. Ine ndimayesa mwagula mudzi osatiuza."

Ogulitsa makaka ndi usipa anaseka mpaka kugwira nthiti. A Hudson anasekanso nawo, koma kuseka kwa mano okha, pakuti Che Ramadani anali atakhudza pachilonda.

A Hudson anali kapitawo wa othyola tiyi pa esiteti ina cha kumunsi kwa phiri. Ali mnyamata anapitako ku Halale, kumene anagwira ntchito pa galaja. Iwo ankati anali makaniko. Amene anali nawo kumeneko ankati ntchito yawo inali yopatsira masipanala ndi kusesa. Kaya zoona n'ziti, anabwerako ndi sipanala imodzi, chipewa chachikopa, ndi matenda okonda injini, matenda amene ngakhale sing'anga wa kwa Apwitikizi sachiza. Amuna anzawo akaweruka ankapita ku bawo kapena ku mowa wa otheka. Iwo ankathamangira kwa Malemu.

Malemu inali galimoto. Inabwera ndi mzungu wina nkhondo yoyamba itangotha, inayenda zaka zake, kenako inafera kuseri kwa fakitale. Mwini wake nayenso anatsatira. Chaka chimene chitaganya chinayamba, bwana watsopano analamula kuti chitsulocho akachigwetsere kuphompho. A Hudson anavula chipewa n'kupempha kuti phompholo likhale pakhomo pawo. Ng'ombe zinaikoka tsiku lonse, ndipo itafika m'mudzi, pansi pa mpando panatuluka nkhuku yamakanda ili ndi anapiye ake, yosadziwa n'komwe kuti yasamuka.

Kuyambira pamenepo akazi awo, a Enifa, sanaonenso mphasa yawo yatsopano. Inali itasanduka pogona pa mapisitoni. Lichero linadzaza mabawuti, chipande chinanunkha palafini.

"Abambo a Stella," ankatero a Enifa, "mukanangokwatira mitala ndikanapeza wondithandiza kusinja. Koma mkazi mnzanga uyu amangodya mafuta, osatunga ndi madzi omwe."

"Mudzamuyamika, amake Stella. Dikirani adzuke."

Kunena zoona, ntchito ankaigwira, ndipo ankaigwira ndi chikondi. Mapisitoni anali atamatirira ndi dzimbiri ngati nkhupakupa pa khutu la galu. Anawanyika m'palafini dzinja lonse, Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi n'kumawagogoda pang'onopang'ono ndi mpini wa khasu, akuwanyengerera ndi mawu ofewa amene a Enifa sanawamveponso chikwatirane. Mavavu anawanola ndi mchenga wosefa wa mu mtsinje wa Ruo wosakaniza ndi mafuta a nsatsi, akupekesa kamtengo m'manja ngati munthu wopeka moto. Maringi anachokera ku Milanje, atabisidwa m'dengu la nyemba za kalongonda. Lamba wa fani anadula pa chikopa cha ng'ombe. Rediyeta inali ndi mabowo ngati sefa, ndipo Che Ramadani anaimata ndi mtovu bowo ndi bowo, akudandaula kuti chiyambire sanakhomepo chidebe chamwano chotere. Magineto, poopa chinyezi cha chiperoni, ankaigoneka pansanja ya kukhitchini pamodzi ndi chimanga cha mbewu, ndipo munthu akafuna kukangana ndi a Hudson ankangoyenera kuisuntha pang'ono.

Mabuleki okha ndiwo sanawalabadire kwenikweni. Anali mabuleki aulemu: ukaponda, galimoto inkayamba yaganizira kaye.

Tsono chilonda chimene Che Ramadani anakhudza chija chinali ichi. A Hudson anali mkamwini. Nyumba anamanga okha, nkhokwe anaruka okha, koma dothi la pansi pake linali la apongozi awo aakazi, a Estele. Mwambo ndiye mukuudziwa: mkamwini ndi apongozi ake sayang'anana kumaso, salankhulana, sakumana panjira. Akaonana patali, wina amalowera patchire uku, wina uko. Koma a Estele anaona kuti kupatuka anthu awiri n'kuwononga udzu chabe, choncho ntchito yonse anaisiyira mkamwini. Iwo ankangoyenda pakati pa njira, mutu uli chilili.

Pa zaka zonsezo a Hudson analumphirapo m'chitedze, n'kudzikanda sabata yathunthu. Analumphirapo pa mzere wa linthumbu atavala kabudula wa kuntchito. Tsiku lina anagwera m'khola la nkhumba la eni ake, ndipo mwini nkhumba anafuna kuwatengera kubwalo. Thupi lawo linazolowera moti akangoona nsalu yabiriwita ndi mpango wofiira wa a Estele, miyendo inkalumpha yokha, mutu n'kumva pambuyo.

N'chifukwa chake anapempha chitengwa. Ankafuna kutenga akazi awo kupita nawo kwawo ku Chonde, m'mbali mwa msewu waukulu wa ku Blantyre, kumene munthu amayenda maso ali kutsogolo, ndiponso kumene galimoto ikhoza kuonedwa ndi anthu odziwa galimoto.

Nkhaniyo inakambidwa pakhonde. A Wyson, atsibweni ake a Enifa, anakhala pakati. A Estele anakhala kuseri kwa nkhokwe, kumene mkamwini sakanawaona. Mawu awo ankamveka mpaka kuchitsime, komabe a Wyson ankawabwereza onse monga mwa mwambo.

"Uwafunse," anatero mawu a kuseri kwa nkhokwe, "mwana wanga adzapita naye pa chiyani ku Chondeko? Adzamusenza pamutu ngati dengu la makaka?"

"Akamwini, akuti mudzapita naye pa chiyani?"

"Muwauze, atsibweni, kuti pa galimoto yanga."

"Alongo, akuti pa galimoto yawo."

Nkhokwe inagwedezeka ndi kuseka. Itakhazikika, mawu aja anabweranso.

"Uwauze kuti tsiku limene Malemu adzauke kwa akufa, n'kunyamula Enifa kuchokera pakhomo pano mpaka pamsika wa Milonde, popanda wokankha, popanda wotsika panjira, ine ndidzamanga ndekha katundu wa mwana wanga. Zikadzakanika, nkhani ya Chonde ithere pomwepo. Iwe Wyson udzakwere nawo, ukhale mboni."

A Wyson asanabwereze, a Hudson anali atavomera kale. A Enifa ankangosenda chinangwa, maso ali pa munda wawo wa nandolo ndi mizere ya chinanazi imene anabzala okha.

Malemu anauka Lachitatu lina madzulo dzuwa lisanalowe. Che Ramadani anapinda mkanjo, anati "Bisimila," n'kupukusa handulo yodzutsira injini. Poyamba injini inangopuma ngati munthu wotopa. Kachiwiri inatsokomola n'kubweza handulo, Che Ramadani n'kukhala pansi osafuna. Kenako inaphulika kuti phu! Utsi wakuda unakwera kupitirira mtengo wa mango, mbuzi zinadula zingwe, ndipo injini inagwira nyimbo yake, gudugudu gudugudu, ngati ng'oma za tchopa. A Hudson anaima chipewa chili m'manja, misozi ikudula mizere pa mwaye wa kumaso. Mawa lake ndi pamene anakadzitama pamsika paja.

Vuto linali limodzi lokha. Injiniyo inkadana ndi kuima. Ukangoimitsa galimoto, nayonso inkazima, ndipo poidzutsa pankafunika munthu atsike akapukuse handulo. A Hudson anati limenelo si vuto. Munthu wosapatuka aimiranji?

Loweruka linafika. A Hudson anavala jekete ya ku Halale ndi chipewa chachikopa, dzuwa likuswa mtengo. Matayala anali atawapakira udzu wouma mpaka kulimba ngati ng'oma. A Enifa anakhala kutsogolo atavala chilundu chatsopano. Kumbuyo kunali a Wyson, atagwira mpando ndi manja onse, ndi Che Ramadani, amene anapukusa handulo n'kulumphiramo galimoto itayamba kale kuyenda. Kunyumba kwa a Estele chitseko chinali chotseka.

"Amayi ali kuti?" anafunsa a Hudson.

"Kaya," anatero a Enifa. "Mwina ali kumadzi."

"Kapena akumanga kale katundu," anatero a Hudson, n'kufinya hutala ya mphira. Inalira ngati bakha wamphongo.

Anatsika m'mudzi agalu onse ali pambuyo. Pa mphambano anakumana ndi ngolo yodzaza nzimbe. Ng'ombe zitangomva gudugudu zinasankha zokha njira ya m'munda, mwini ngolo akukuwa pambuyo pake.

"Woyamba ameneyo!" anafuula a Hudson.

Patsogolo pang'ono panatulukira mesenjala wa kwa Disi, yemwe uja, ali pa njinga yake, kapusi yofiira ili neng'a. Analiza belu kamodzi mwa chizolowezi. Ataona kuti chinthucho sichikumva belu, anakhotera m'maudzu, njinga uko, kapusi uko.

"Pepani achimwene, moni kwa a Disi!" anatero Che Ramadani, akumugwedezera dzanja.

Chachikulu chinachitika pamene msewu umadutsa m'minda ya tiyi. Lole ya esiteti yomweyo, imene inawathira fumbi a Hudson zaka zonsezi, inkabwera yodzaza madengu. Dalaivala wake ataona galimoto imene ankaidziwa ili ndi udzu womera m'kati ikubwera yokha, anaimika lole pambali n'kutsegula kukamwa. A Hudson anadutsa osatembenuka, chibwano chili m'mwamba, ngati Bwanamkubwa akuyendera asilikali.

"Atsibweni, mukuona?"

"Ndikuona, akamwini. Koma yang'anani kutsogolo."

"Amake Stella, ku Chonde nyumba yake ndidzafolera ndi malata."

"Tifike kaye pa Milonde, abambo a Stella."

Msika usanafike pali dambo losauma ngakhale m'chilimwe. Msewu umadutsa pakati pake pa kamtumbira kopapatiza, kokwana ngolo imodzi basi. Uku matope ndi bango, uko matope ndi madimba a nzimbe. Tsidya lake msewu umakwera pang'ono n'kulowa pamsika, ndipo m'mawa umenewo msika wonse unali utasiya malonda n'kudzaima pamtundapo kudikirira chozizwitsa.

Malemu analowa pa kamtumbira kaja. Ndipo apo, pakati penipeni pa msewu, panali munthu akuyenda kulowera kumsika, dengu la makaka lili pamutu. Ankayenda mosafulumira, ngati munthu amene dziko lonse ndi la amayi ake. Nsalu yabiriwita. Mpango wofiira.

Phazi la a Hudson linachoka lokha pa moto.

"Lizani hutala, achimwene," anatero Che Ramadani mokoma mtima. "Si mwati aliyense apatuke?"

A Hudson anayang'ana hutala, hutala inawayang'ana. Kuwalizira bakha apongozi? Pamaso pa msika wonse? Dzanja linakana.

Anatsitsa giya. Galimoto inayamba kukwawa kumbuyo kwa a Estele ngati mwana wa ng'ombe wotsata make. Tsono a Estele ndi munthu amene amamva khoswe akulowa m'nkhokwe ya mnansi. Koma tsiku limenelo injini imene inkayenera kumveka ku Chambe inkabangula pa zidendene zawo, iwo osamva kanthu.

"Amake Stella, auzeni amayi apatuke."

"Amayi," anatero a Enifa, ndi kamawu kodzutsira khanda. "Amayi."

"Kwezani mawu!"

"Ndiwakuwire amayi anga pagulu? Mwandiyesa wopanda mwambo?"

"Atsibweni, chonde, alongo anu awo."

"Ine ndine mboni, akamwini. Mboni siyendetsa galimoto."

"Che Ramadani, tsikani mukawagwire dzanja."

"Ndikatsika ndiye mwagwa nayo, achimwene. Anati popanda wotsika. Ine ndikukutetezani."

A Estele anasintha dengu pang'ono pamutu, n'kuchepetsanso liwiro. Injini, imene inazolowera mphepo ya kuthamanga, inayamba kutentha. Rediyeta inayamba kuimba ngati ketulo, nthunzi ikutuluka m'mabowo onse amene Che Ramadani anamata ndi ena atsopano. A Hudson thukuta linali kamukamu m'jekete ya ku Halale. Kuima sakanaima, injini ikanazima. Kudutsa sakanadutsa, malo panalibe, ndipo ngakhale akanakhalapo, ndani anadutsapo apongozi ake mapewa kugundana? Pamtunda paja anthu anayamba kuwomba m'manja motsatira mapazi a a Estele, wina n'kuyambitsa nyimbo ya ukwati.

Komabe mtumbira unkatha. A Hudson anaona kuti patsala pang'ono msewu utambasuke. Akangofika pouma, adzakhotera kutali ndi nkhalambayo, maso ali kumbali, n'kukwera mtunda. Anayamba kumva fungo la malata a ku Chonde.

"Limba, Malemu," ananong'ona, akusisita chiwongolero. "Limba, mayi wanga. Pang'ono pokha."

Pamenepo a Estele anaima. Anagwira m'chiuno ngati munthu amene waiwala kabotolo ka fodya wa mphuno kunyumba. Ndipo pang'onopang'ono, dengu lili pamutu, anatembenuka kuti abwerere.

Mutu wa a Hudson unati ponda buleki. Phazi linaponda, ndipo mabuleki anayamba kuganizira. Koma manja sanadikire zonsezo. Nkhope ya apongozi isanathe n'komwe kutembenuka, manja aja, ophunzitsidwa ndi chitedze ndi linthumbu, anapinda chiwongolero mpaka kumapeto, maso atatsinzina. Malemu anachoka pamsewu mwaulemu wonse, anatsetsereka pa mtumbira, anathyola bango, n'kukhala pansi m'matope kuti thapsa, mpaka m'zitseko. Achule anabalalika. Injini inaliranso gudugudu kawiri katatu, yokoma bwino, yosaphonya ndi pang'ono pomwe, kenako inameza madzi n'kugona.

A Wyson anatulutsa mwendo umodzi, nsapato n'kutsala pansi. Che Ramadani ankayang'ana mkanjo wawo woyera umene tsopano unali wa mtundu wa dambo. A Enifa anabisa nkhope m'chilundu, mapewa akugwedezeka, ndipo sikunali kulira.

A Estele anaima pamwamba pa mtumbira, maso ali kumbali monga mwa mwambo.

"Wyson!"

"Wawa, alongo."

"Uwauze akamwini anga kuti ndaona akamwini ambiri opatuka ndi miyendo. Koma wopatuka ndi galimoto yomwe, ndi uyu yekha m'boma lonse la Mulanje. Munthu waulemu chotere ndingamupereke bwanji ku Chonde?"

A Wyson anatembenuka, matope ali m'mawondo. "Akamwini, akuti..."

"Ndamva, atsibweni," anatero a Hudson, maso akadali otsinzina.

A Estele anakonza dengu lawo n'kupitiriza ulendo wa kumsika, pakati penipeni pa msewu.